Mano a Mwana wa Wochapa

Ku hotela kumene ankagwira ntchito aliyense ankawaitana kuti a Mbee, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Anali wochapa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anazithera m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe makina atatu ankalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nthunzi ikuyenderera m'makoma. Nsalu yapabedi ikatsika ndi banga la vinyo, la magazi kapena la zina zosatchulika, anzawo ankaiponya pakona n'kunena kuti, “Iyi ndi ya a Mbee.” Iwo ankaiyang'ana pa getsi, kuinunkhiza, kuinyika m'ndowa ya bulichi, ndipo potuluka mmenemo inkayera mbee. Dzinalo linachokera pamenepo. Manja awo anali ong'aluka, zikhadabo zodyeka, koma ankawanyadira. Kwa iwo kusauka sikunali mlandu, kudwala sikunali mlandu. Mlandu unali kuonekera pamaso pa anthu uli ndi litsiro.

Ndiye munthu ngati ameneyu anapatsidwa mwana wa mano osokonekera.

Anali mtsikana, mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi zisanu. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo a Mbee anaphunzira okha kumumanga tsitsi ndi kumusitira yunifolomu mpaka mizere yake kumaoneka ngati ingacheke chala. Ankamuitana kuti Mayi, chifukwa anatenga nkhope ya agogo ake, mayi awo a Mbee. Koma mano sanatengere aliyense. Awiri akutsogolo anatulukira kunja moti milomo sinkakumana, ndipo am'mbali anakwerana ngati anthu olimbirana khomo la basi. Kusukulu anyamata anamupatsa dzina loti Opena, ndipo pa buleki ankamubweretsera mabotolo ati awatsegulire. Mwanayo sankalira pamaso pa bambo ake. Anangophunzira kuseka dzanja lili pakamwa, kenaka kulankhula dzanja lili pakamwa, ndipo a Mbee akaona dzanja limenelo likukwera mtima unkawapweteka.

Panali chipatala chophunzitsira madokotala a mano chimene chinkaika ana a anthu wamba mawaya owongolera mano kwaulere. Malo anali ochepa, mndandanda wautali, ndipo mwana akakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi dzina lake linkafufutidwa. A Mbee analembetsa mwana wawo n'kudikira zaka ziwiri zathunthu. Kalata inabwera kutatsala miyezi itatu kuti msinkhu umupitirire.

Kalatayo anaiwerenga mpaka inayamba kung'ambika mopinda. Mzere umodzi unawakhala pamtima: mwana amene sasamala mano ake sadzatengedwa. Anamuimika mwanayo pakhomo, pamene panali kuwala, n'kumuuza kuti ayasamule. Mano analibe lobooka ngakhale limodzi, pakuti ankatsuka kawiri patsiku. Koma anali achikasu pang'ono, ndipo kwa diso la wochapa chikasu chili ndi tanthauzo limodzi basi.

Tsiku lotsatira anapita naye kwa mlamu wawo, mng'ono wa malemu akazi awo, amene anali ndi saluni kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Mayi ameneyu ankakonza tsitsi, zikhadabo, nsidze, ndipo chaka chimenecho anali atayambanso mano. Chilichonse chimene chinamera pamunthu, iye ankati amachidziwa.

“Alamu, nkhope yatsikiranji ngati kwagwa maliro? Yasamula, mwanangu. Aaa, izi zokha? Akwatibwi ndimawayeretsa Lachisanu, Loweruka kujambulitsa. Tengani kachubu aka. Muzimupaka ndi kathonje, ola limodzi, kenaka atsukuluze. Tsiku loti mawa mukupita kwa adokotala, osaphonya. Akafike akuwala.”

“Sizowononga zimenezi, alamu?”

“Inuyo bulichi wanu uja amawononga? Choyeretsa ndi choyeretsa. Mwana wa achemwali anga ndingamupatse poizoni ine?”

Mfundo imeneyi a Mbee anaimva bwino, chifukwa inalankhulidwa m'chinenero chawo. Atafika kunyumba anamukhazika mwanayo pampando, kumuika thaulo pakhosi, n'kupaka dzino lililonse mosamala ngati akuchotsa banga pa diresi la mlendo wolemera. Akutsogolo anawapaka kawiri, poti ndi amene amaoneka. Patapita mphindi khumi mwanayo anayamba kugwedeza miyendo.

“Ababa, zikuwotcha.”

“Ndiye kuti zikugwira ntchito, Mayi. Pirira.”

Anapirira masiku anayi otsatizana, ndipo manowo anayeradi.

Kuchipatala anakumana ndi nesi wina wamtali, wa mawu ngati a kondakitala, amene ankawerenga mafunso a pa fomu osadzutsa mutu. Mwanayu amadwala shuga? Ayi. Amakomoka? Ayi. Pali mankhwala amene amamuwenga? Ayi. Anapakapo mankhwala oyeretsa mano?

Apa a Mbee anazengereza. Anadziona ngati mwana wasukulu amene wagwidwa ndi mayankho m'sokosi. Akavomera, anthu awa adziwa kuti kuyeraku n'kogula, kuti pansi pake pali chikasu, ndipo zaka ziwiri zithera pomwepo. Nesiyo sananene chifukwa chimene ankafunsira, ndipo iwo sanafunse.

“Ayi,” anatero.

Mwanayo anayang'ana nsapato zake. A Mbee anasaina.

Dokotala anali mayi wamfupi, waimvi, wolankhula motsitsa moti munthu unkachita kuwerama kuti umve. Anayang'ana m'kamwa ndi kagalasi kake kwa nthawi yaitali.

“Palibe lowola. Mwana wosamala uyu. Timutenga.”

A Mbee anafufuma pampando pomwepo. Anatuluka akudziuza mumtima kuti kachubu kaja kawapulumutsa.

Dokotalayo anafotokoza kuti m'kamwamo munalibe malo, choncho pafunika kuzula mano awiri apamwamba, limodzi mbali iyi lina mbali inayo, kuti akutsogolo apeze kobwerera. Mano abwinobwino, osadwala. Mipata yake mawaya adzaitseka pang'onopang'ono, m'zaka ziwiri. A Mbee anasainanso. Mwanayo anatuluka m'chipindamo ataluma thonje, misozi ili m'maso koma akugwedeza mutu kuti palibe kanthu. Nesi anawapatsa mano awiriwo atawakulunga m'kapepala, ndipo iwo anawasunga m'bokosi la machesi, m'thumba la jekete. Anali mano aatali, olimba, achikasu, pakuti kathonje kaja sikankafika bwino kumeneko.

Tsiku loika mawaya litatsala limodzi, a Mbee anatulutsanso kachubu. Munthu supita kwa dokotala ndi zovala zadzulo, nanga mano?

Kuchipatala anawalola kuima pakona n'kumaonerera. Milomo ya mwanayo inatambasulidwa ndi kapulasitiki. Dokotala ankapaka dzino mankhwala abuluu, kutsuka, kuumitsa ndi mphepo, kudontheza guluu pa kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kukadinda padzino, kenaka nesi n'kuwalitsapo katochi kuti guluuyo aume. Dzino lina, chimodzimodzi. Pomaliza anapisa waya m'tizitsulo tonseto. Ntchitoyo inawasangalatsa a Mbee, chifukwa inali yaukhondo ndipo inkatsata ndondomeko.

“Tamverani bwino, bambo,” anatero nesi powapatsa kapepala. “Masiwiti olimba ayi, mtedza ayi, mafupa ayi, kuluma bolopeni ayi. Tizitsulo iti timapereka kamodzi pa mwana aliyense. Tikamatuka koyamba timamatanso, kachiwiri timamatanso. Kachitatu timachotsa zonse, malo n'kupatsa wina. Kunja kuli ana mazana akudikira.”

Madzulo a tsiku limenelo mwanayo anaima pagalasi nthawi yaitali, kenaka anatembenuka n'kumwetulira, kamwa yonse ikunyezimira.

“Ababa, ndikuoneka ngati mpanda wa kundende.”

Anaseka onse awiri, ndipo dzanja silinakwere. A Mbee anapita kukaima panja kwa kanthawi, ati akukaona ngati zovala zauma.

Patatha masiku asanu, mwanayo akudya buledi, tizitsulo titatu takutsogolo tinamatuka n'kuyamba kuyendayenda pa waya. Mwanayo analumbira kuti sanalume cholimba chilichonse. Bambo ake anamukhulupirira theka. Anaimba foni kuchipatala, anapatsidwa tsiku, ndipo litatsala limodzi anapakanso mano aja, makamaka atatu amene anali pamtunda, poti tsopano malo analipo oti kathonje kafike bwino. Dokotala anamatanso osanena zambiri. Nesi analemba kamzere kamodzi pachikuto cha fayilo.

Sabata isanathe, tomwe tija tinamatukanso.

Nthawi imeneyi a Mbee anakhuthula chikwama cha sukulu pabedi. Munatuluka mabuku, chipeso, ndi kapepala kokulungira siwiti, kopindidwa bwinobwino pakati pa buku la masamu.

“Ichi n'chiyani?”

“Ndi cha mnzanga, Ababa. Ndimangosungira peji.”

“Ukundiyesa mwana ine? Zaka ziwiri ndikudikira! Mano awiri azulidwa kuti iwe uzikatafuna masiwiti kuseri kwa kalasi?”

“Sindinadye.”

Mbama inalira. Aka kanali koyamba chibadwire mwanayo. Dzanja la a Mbee linali lokhakhala ngati thumba la simenti, ndipo waya unamucheka mlomo mkati. Sanalire. Anapita kukalavula magazi m'sinki, kutsegula mpopi, n'kutsuka sinkiyo mpaka inayera, monga momwe anamuphunzitsira.

Kuchipatala, pambuyo pa kupaka kwa nthawi zonse, dokotala anamata kachiwiri n'kumuyang'ana mwanayo m'maso.

“Mwanangu, ndinkakuyesa wosamala. Kwatsala kamodzi.”

Nesi analemba kamzere kachiwiri.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munalowa lamulo. Chakudya cha mwanayo chinali buledi wonyika mu tiyi, nthochi zokanya ndi supuni, mazira ofewa ndi supu. Bolopeni analandidwa n'kupatsidwa wachitsulo. Kusukulu ankapita wopanda kamba, kuti asayesedwe. Siketi inayamba kumuzungulira m'chiuno, ndipo a Mbee anaibweza ndi singano okha osanenapo kanthu. Mwanayo naye anasiya kunena zambiri. Ankayankha mafunso basi, ndipo akamamwa madzi ozizira ankatsinzina, chifukwa mano anali atayamba kumuwawa. Mlamu atamuona anawomba m'manja.

“Alamu, mwanayu mukumuwongola mano kapena mukumuumitsa?”

“Zisiyeni, alamu. Akadzakula adzandithokoza.”

Linali Lamlungu m'mawa, pa tsiku lachisanu ndi chinayi chimatire kachiwiri. Anakhala moyang'anizana patebulo, mwanayo akumwa tiyi wopanda chomwera. Anaika kapu pansi, kumeza, ndipo panamveka kamawu kakang'ono, ke. Kachitsulo ka dzino lakutsogolo kanatsetsereka pa waya n'kukagunda kanzake. M'kamwa munalibe chilichonse. A Mbee anaona ndi maso awo.

“Mwaona, Ababa?” anatero mwanayo, mawu ali pansi. Sanali kudandaula. Ankangofuna mboni.

“Ndaona.”

Manyazi a mbama ija anawagwira, koma a Mbee sanali munthu wodziwa kukhala ndi manyazi nthawi yaitali, choncho anawasandutsa mkwiyo. Ndi guluu wawo, anatero. Zaulere zimatero, amatipatsa zotha ntchito kenaka n'kumanamizira ana athu. Lachitatu akawauza pamaso. Ndipo poti munthu wopita kukatsutsana ndi akuluakulu amayenera kufika wosapezeka chifukwa, Lachiwiri madzulo anasita malaya awo oyera n'kutulutsa kachubu, komwe tsopano kanali katafinyidwa mpaka kukhosi.

“Ababa, lero lokha tisapake. Usinini wayera, ukusupuka.”

“Lero ndiye lofunika kwambiri, Mayi. Asakapeze ponamizira.”

Mwanayo anakhala pampando, anadziika yekha thaulo pakhosi, n'kuyasamula.

M'chipinda chodikirira munali mabenchi anayi ndi zenera lolandirira makadi. Patsogolo pawo panali mtsikana wina wamkulu, wa zikhadabo zazitali, amene ankakangana ndi nesi uja.

“Koma ndapempha tchuthi kuntchito chifukwa cha lero!”

“Achemwali, mwanena nokha kuti munayeretsa mano Loweruka. Lero sitimata. Mubwere pakatha milungu iwiri.”

“Nanga kuyeretsa kukukhudzana bwanji ndi mawaya?”

Nesiyo anaika bolopeni pansi. Mawu ake ankamveka mpaka kukhonde.

“Mankhwala aja sathera pamwamba. Amalowa m'dzino n'kusiyamo mpweya wake. Guluu wathu akakumana ndi mpweya umenewo sauma bwino. Kunja amaoneka ngati wagwira, koma pansi ndi wofewa, ndiye sabata imodzi tizitsulo tayamba kugwa. Mpweyawo umatuluka wokha, umangofuna nthawi. N'chifukwa chake timafunsa pa fomu. Mumayesa timafunsa kuti tikuchitireni nsanje?”

Anthu pa mabenchi anaseka. A Mbee sanaseke. Panalibe munthu m'chipindamo amene anamva mawuwo msanga kuposa iwo. Si iwo kodi amene ankakalipira anzawo tsiku lililonse kuti nsalu ya bulichi imatsukuluzidwa katatu, apo ayi bulichiyo amatsalira mu ulusi n'kumadya nsaluyo mwakachetechete? Zaka makumi awiri ndi ziwiri akulalikira zimenezo. Anakumbukira mano atatu aja, omwe ankagwetsa tizitsulo nthawi zonse, ndi omwe iwo ankawapaka kawiri. Malaya anawamatirira kumsana.

Anacheuka. Mwanayo anali atamva zonse. Sanawayang'ane. Maso ake anali pa nsapato, ngati tsiku la fomu lija.

Ndikanena, anadziuza a Mbee. Ndikangolowa ndikanena.

Koma tsiku limenelo dokotala sanali yekha. Kumbuyo kwake kunaima ophunzira anayi ovala makhoti oyera, mabuku m'manja, ndipo m'modzi mwa iwo anali ndi banga la inki pathumba. A Mbee analiona bangalo, ndipo zinawanyansa kuti pa nthawi ngati imeneyi diso lawo likuonabe zotere. Dokotala anayang'ana m'kamwa, anagwedeza kachitsulo ndi chala, n'kupumira m'mwamba.

“Kachitatu. Mwanangu, ndiuze zoona. Unadya chiyani?”

Mawu anali pakamwa pa a Mbee, onse, okonzeka. Ndine, adokotala. Koma pafunika kuwanena pamaso pa ana anayi ophunzira bwino awa, kuti bambo wamkulu wa malaya ositasita ananama pa fomu, anawotcha mwana wake usinini, n'kumumenya mbama pa mlandu wake womwe. Anati adikire kaye dokotala amalize kulankhula. Anati adikire ophunzirawo atuluke. Mwanayo anatembenuza maso n'kuwayang'ana kamodzi kokha, ndipo anaona zonse zimene zinali pankhope pawo.

“Ndinatafuna siwiti, adokotala,” anatero.

“Nthawi zonse zitatu?”

“Eee.”

Dokotala anacheukira kwa a Mbee. “Bambo, muli ndi chonena?”

Ndipo a Mbee, munthu amene sanabwezepo nsalu kumwamba ili ndi banga, anapukusa mutu.

Nesi analemba kamzere kachitatu n'kutuluka ndi fayilo. Dokotala anatenga kapulayala. Ankafinya kachitsulo, ke, n'kukaponya m'kambale, kali kopindika. Akutsogolo ankachoka osalimbana. Am'mbali, kumene kathonje sikankafika bwino, anali atagwira zolimba moti mwanayo ankagwira mpando. Ke. Ke. A Mbee anawerenga kulira kulikonse, ndipo pa kulikonse ankati anena tsopano, mpaka kambale kanadzaza ndipo waya unagona pamwamba pake.

Dokotala anapala guluu wotsalira, anapukuta ndi thonje, kenaka anaima. Anakokera getsi pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali, anakweza mlomo wa mwanayo n'kuona usinini, ndipo ophunzira anayamba kusuzumira.

“Tulukani kaye nonse,” anawauza. Chitseko chitatsekedwa anati, “Bambo, bwerani muone.”

Pa mano am'mbali, pamene tizitsulo tinakhala osasuntha, panatsala timabokosi tachikasu, tamakona anayi, tozunguliridwa ndi kuyera kwa choko. Dzino lililonse linali ndi kake. Bangalo a Mbee analidziwa. Ndi limene limatsala ukathira bulichi pa nsalu pali batani.

“Ndine,” anatero. Mawu aja anatuluka tsopano, pamene analibenso ntchito. “Mwanayu sanadye siwiti. Ndimamupaka ndine.”

“Komaliza liti?”

“Dzulo.”

“Ndipo nthawi zinazo?”

“Tsiku loti mawa tibwera kuno. Nthawi zonse.”

Dokotala anavula magolovesi pang'onopang'ono. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

“Chifukwa chiyani?”

“Kalata inati mwana wosasamala mano sadzatengedwa. Anali achikasu, adokotala. Ndinachita manyazi.”

“Chikasu chimenecho ndi mtundu wa dzino lamoyo. Ndinamutenga chifukwa analibe lowola, osati chifukwa cha kuyera. Mukanandiuza tsiku loyamba, ndikanangoti pitani, mubwere pakatha milungu iwiri. Basi. Milungu iwiri.” Analoza kambale kaja. “Ngakhale lero, ndisanagwire pulayala, ndinakufunsani. Ndikanasiya am'mbaliwa, ndikanalemba kuti vuto si la mwana, tikanadikira. Tsopano tizitsulo take ndi ito, tapindika, ndipo tinali take tokha.”

“Palibe chimene mungachite? Ndigwada, adokotala. Mundilange ine.”

“Musagwade, pansi pano mpakuda.” Dokotala anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. “Ndilemba kalata kwa akuluakulu, koma ndisakunamizeni. Fomu ija munasaina zabodza, ndipo dzina lake libwerera kumapeto kwa mndandanda. Komanso mano awa mwawakwechesa, usinini wapsa. Sindingamatepo kanthu kwa miyezi ingapo. Akwanitsa liti zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi?”

“Mwezi wa mawa ukatha,” anayankha mwanayo ali chigonere pampando.

Dokotala anamuthandiza kudzuka n'kumupatsa kapu yotsukuluzira m'kamwa, ya madzi ofunda.

“Nanga mipata ija?” anafunsa a Mbee. “Ya mano munazula aja?”

“Idzachepako yokha, mano akamapendekera. Osati momwe tinkafunira.”

Potuluka anadutsa pa zenera lija. Nesi anali pa foni, akuuza munthu wina mokondwa kuti malo apezeka, abwere ndi mwanayo Lolemba.

Kunja dzuwa linali pamutu. Anayenda mpaka pa siteji ya basi, mwanayo patsogolo, siketi yobweza ija ikumuzungulirabe. A Mbee anapisa dzanja m'thumba la jekete kufuna kansalu kopukutira thukuta, n'kukhudza bokosi la machesi. Mano awiri aja anagwedera mkatimo. Anayesa kukonza mawu opepesa, koma onse ankaoneka aang'ono, ndipo sankadziwa kuti ayambire pa mbama, pa njala kapena pa kupukusa mutu kuja.

“Mayi,” anayamba. “Unanamiranji? Ukanangonena.”

“Munali mukunjenjemera, Ababa.”

Basi inabwera yodzaza n'kudutsa osaima. Mwanayo ankayendetsa lilime m'kamwa, kumanzere, kumanja, kuyesa mipata. Mano akutsogolo anali pomwe anali kale, kunja kwa milomo, oyera kuposa a munthu aliyense pa sitejipo.

“Ababa, ndifunse?”

“Funsa.”

“Kodi anali onyansa kwambiri? Mmene analili kale?”

A Mbee anafinya bokosi lija m'thumba mpaka linaphwanyika.

“Ayi, Mayi. Anali bwinobwino.”

Mwanayo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa yankho limene ankalidziwa kale. Anyamata awiri a yunifolomu ya sukulu yake anatulukira pakona, m'modzi atanyamula botolo. Dzanja la mwanayo linakwera lokha n'kukakhala pakamwa, ndipo silinatsike mpaka kunyumba.